Setilaiti inafa mu 1963 koma mpaka lero sinagwe, zikutheka bwanji?

Kamdothi
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira Lachisanu. Mwana wanga wa Fomu 3 anabwera ndi nkhani yoti kumwambaku kuli setilaiti yotchedwa Telstar 1, imene anthu a ku America anaiponya mu 1962. Akuti inasiya kugwira ntchito chaka chotsatira, koma mpaka lero ikuzungulirabe dziko. Ndinamufunsa kuti chinthu chakufa, chopanda mafuta, chopanda woyendetsa, chikukhala bwanji m'mwamba zaka zoposa 60? Anangondiyankha kuti "ndi orbit, adadi", basi n'kupita kukasewera. Ndege ikatha mafuta imagwa. Mwala wa legeni, ngakhale mphira ikhale yatsopano, umabwerera pansi. Nanga ichi chikugwira pati?

Funso lachiwiri. Akuti setilaitiyo inkapereka kanema kwa mphindi 20 zokha kenako n'kusowa. Dishi yanga pakhomo pano inakhomedwa malo amodzi zaka 7 zapitazo, sinasunthepo, ndipo kanema timaonera usana ndi usiku. Kusiyana kwake kuli pati? Odziwa tithandizeni, ndikufuna ndikamuyankhe mwanayu zomveka.

Bwandilo_Boy
Kumwambako kulibe mphamvu yokokera zinthu pansi, madala. Chilichonse chimangoyandama. Nkhani yatha.

Nthanda
Ayi achimwene, nkhani sinathe, mwaiyamba molakwika. Mphamvu yokokayo ikanakhala kuti kulibe, Telstar ikanapita molunjika n'kusowera kutali kalekale. Chimene chikuibweza kuti izizungulira ndi mphamvu yomweyo mukuti kulibeyo. Ngakhale mwezi, umene uli pa mtunda wa makilomita 384,000, ukugwidwa ndi dziko lomweli.

Bwandilo_Boy
Nanga aja timawaona pa kanema akuyandama mu International Space Station aja? Akugwidwa ndi chiyani?

Mphunzitsi_Wopuma
Ndilowererepo, chifukwa funso ili ndinkakumana nalo chaka ndi chaka m'kalasi, ndipo ana ambiri ankayamba ndi yankho la Bwandilo_Boy. Si lopusa, maso ndi amene amatinamiza.

Bambo Kamdothi, tiyambe ndi legeni yanu yomweyo. Imani pamwamba pa phiri, muponye mwala chopingasa, osati chokweza. Ugwera pafupi. Kokani mphira kwambiri, ugwera patali. Pa sekondi yoyamba chinthu chilichonse chotayidwa chimatsika pafupifupi mamita 5, kaya chikuthamanga chopingasa kaya ayi. Tsono dziko ndi lobulungira, ndipo kubulungira kwake n'kwakuti mukayenda makilomita 8 molunjika, nthaka imakhala yapendekera pansi pafupifupi mamita 5 omwewo. Mwaona pamene pagona nkhani? Mwala utathamanga makilomita 8 pa sekondi, umatsika mamita 5, nthaka nayonso yathawa mamita 5. Sekondi yachiwiri chimodzimodzi. Ukugwa ndithu, koma pogwera sukupapeza, mpaka uzungulira dziko lonse n'kukupezani kumbuyo.

Choncho Telstar sikuti yakana kugwa. Yakhala ikugwa kuyambira pa 10 July 1962, tsiku limene roketi ya Thor-Delta inainyamula ku Cape Canaveral. Anthu a mu International Space Station nawonso akugwa pamodzi ndi nyumba yawoyo, n'chifukwa chake amaoneka ngati akuyandama. Pamene ali paja, makilomita pafupifupi 400 kuchoka pansi, mphamvu yokoka ya dziko yangochepa ndi gawo limodzi mwa magawo 10.

Liwiro la makilomita 8 pa sekondi tisalitenge mopepuka. Ulendo wa Lilongwe mpaka Blantyre ungathe m'masekondi 40.

Kamdothi
Aphunzitsi, zakugwazo ndayamba kuzimva. Koma mafuta? Galimoto ndikachotsa phazi imayima. Chikukankha ndani kuti liwirolo lisathe?

Mphunzitsi_Wopuma
Galimoto imayimitsidwa ndi msewu ndi mpweya. Kumene kuli Telstar kulibe msewu, ndipo mpweya ndi wochepa zedi moti tingoti kulibe. Roketi inaikankha kamodzi kokha, ndipo palibe chimene chalanda liwirolo mpaka lero. Pamene imayandikira kwambiri dziko imakhala pa makilomita pafupifupi 950, kuposa pang'ono kutalika kwa Malawi kuchoka ku Chitipa kufika ku Nsanje. Zimene zili pansipo, ngati International Space Station, zimakhudzana ndi kampweya kotsalira, zimatsika pang'onopang'ono, ndipo amachita kuzikweza ndi injini. Telstar ili pamwamba pa vuto limenelo.

NtchembereYaKuDedza
Ine ndimamvetsa ndi chidebe. Tili ana tinkathira madzi m'kachitini ka chingwe n'kumazunguliza pamwamba pa mutu, madzi osatayika. Si zomwezo?

Nthanda
Zikufanana mbali imodzi, mayi. Chingwe chanucho ndiye mphamvu yokoka ya dziko, chikaduka chitini chimathawa molunjika. Kusiyana kwake n'kwakuti chingwe cha dziko chimafooka chinthu chikatalikira. N'chifukwa chake Telstar siyenda liwiro limodzi. Njira yake si yozungulira ngati lichero, ndi yooneka ngati dzira. Ikafika pafupi, pa makilomita 950 paja, imathamanga kuposa makilomita 8 pa sekondi. Kenako imakwera mpaka makilomita pafupifupi 5,900, ndipo pamenepo imakhala yatsika liwiro kufika pa makilomita 5 pa sekondi, n'kuyambanso kutsetsereka. Zili ngati katungwe, pansi amathamanga, pamwamba amazengereza. Ulendo umodzi umatenga maola 2 ndi mphindi 37, ndiye kuti pa tsiku imazungulira ka 9. Mukawerengera zaka 60, yazungulira dziko maulendo pafupifupi 200,000.

Chitedze
Ndiye inali setilaiti yoyamba imeneyi eti?

Wamawaya_Ndirande
Ayi. Yoyamba ndi Sputnik 1 ya Soviet Union, pa 4 October 1957, koma iyo inkangolira "bip bip", sinkanyamula mawu a munthu. Mu December 1958 America inaponya SCORE, imene inali ndi tepi ya uthenga wa Khirisimasi wa Pulezidenti Eisenhower. Mu August 1960 kunabwera Echo 1, chibaluni chonyezimira cha mamita 30, chimene chinkangobweza mafunde a wailesi ngati kalilole. Munalibe makina okweza mawu, ndiye zobwerera pansi zinali zofooka kwambiri. Telstar inali ina. Inkalandira mafunde, kuwakweza mphamvu, n'kuwatumizanso pansi. Ndiyo inayamba kuwolotsa kanema wa pompopompo pa nyanja ya Atlantic.

Chimene chimandisangalatsa ine ngati munthu wa mawaya ndi kuchepa kwake. Kampira ka masentimita 88, kolemera makilogalamu 77, thumba limodzi ndi theka la chimanga. Kunja anakamata timasola 3,600, ndipo tonse pamodzi tinkapereka mawati 14 okha. Babu limodzi la m'nyumba! Ndi moto umenewo ankatha kudutsitsa tchanelo chimodzi cha kanema kapena mafoni mazana angapo. Anaipanga ndi a Bell Telephone Laboratories, ndipo kampani ya mafoni ya AT&T inachita kulipira NASA kuti iwaponyere.

Kamdothi
Zikomo akulu. Tsopano za mphindi 20 zija.

Mlalang'amba
Limenelo ndiyankhe ine, chifukwa ndinafikako pa amodzi mwa malo amene ankalandirira. Ndimagwira ntchito ku Cornwall kuno ku England, ndipo tsiku lina lopuma mnzanga ananditengera cha ku Goonhilly Downs. Ndi dambo lopanda mitengo, mphepo yake yolasa m'mafupa, ndiye mwadzidzidzi mukuona chidishi choyera cha mamita 26 chitayang'ana kumwamba. Amachitcha Arthur. Chimalemera matani oposa 1,000, koma anachipanga kuti chizitembenuka, chifukwa Telstar sinkaima malo amodzi. Inkatuluka mbali ina ya thambo, kudutsa, n'kukalowa mbali ina, ndipo chidishicho chinkayenera kuitsatira osaiphonya. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuganiza za kadishi ka kwathu ku Area 25 kamene mwana amatha kukanyamula.

Malo akuluakulu analipo atatu: Andover ku Maine m'dziko la America, Pleumeur-Bodou ku France, ndi Goonhilly. Kuti kanema awoloke, setilaiti inkayenera kuoneka ku Andover komanso ku Ulaya nthawi imodzi. Taganizani munthu wonyamula uthenga amene akuyenda pamwamba pa phiri pakati pa midzi iwiri. Ali mbali ino, a tsidya lija sakumuona. Akatsetserekera uko, ife sitikumuona. Ndi kanthawi kochepa kamene ali pamsonga kamene midzi yonse iwiri ikumuona. Kwa Telstar kanthawi kameneko kanali mphindi pafupifupi 20. Komanso si ulendo uliwonse, chifukwa pamene iyo ikumaliza kuzungulira kamodzi, dziko nalo limakhala latembenuka madigiri pafupifupi 40, ndiye ulendo wotsatira imadutsa pamwamba pa malo ena.

Usiku woyamba a ku France analandira bwinobwino chithunzi cha mbendera ya America ikupepeluka panja pa siteshoni ya Andover. A ku Goonhilly zinawavuta, chithunzi chinali chosaoneka bwino chifukwa kachipangizo kena kanaikidwa motembenuza. Anakonza, tsiku lotsatira zinayenda.

Wamawaya_Ndirande
Zimenezo zimachitika mpaka lero! Ukapotoza LNB, kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kaja, pang'ono pokha, siginolo yathawa. Ndiye kuti vutoli ndi lakale.

Gogo_Wailesi
Ana inu mwandikumbutsa kutali. Mu 1962 ine ndinali mnyamata, dziko lino likadali Nyasaland, kanema kunalibe. Television Malawi inadzayamba mu 1999. Nkhani ngati zimenezi tinkazimva pa wailesi ya aphunzitsi aakulu, titakhala pakhonde. Madzulo tikaona kanyenyezi kakuyenda pang'onopang'ono osaphethira tinkakuwa kuti "satana uyo!", akuluakulu n'kumatiletsa kuloza ndi chala. Pambuyo pake ndi pamene tinadziwa kuti ndi zopangidwa ndi anthu.

Nthanda
Agogo, n'kutheka kuti munkaona Echo 1. Chibaluni chija chinkawala kwambiri ndipo anthu ankachiona ndi maso m'mayiko ambiri mpaka chinagwa mu 1968. Telstar ndi yaing'ono, singaoneke popanda makina.

Bwandilo_Boy
Inetu Telstar ndimaidziwa ngati mpira wa Adidas.

Chitedze
Umenewo ndi wa World Cup ya 1970 ku Mexico, wa zigamba zakuda ndi zoyera. Zigambazo zinkathandiza kuti uzioneka bwino pa kanema wopanda mitundu. Ukayang'ana chithunzi cha setilaitiyo, ndi timasola take takuda pa thupi loyera, ukuona mpira womwewo.

NtchembereYaKuDedza
Mpira umenewo kwathu tinkangouona pa chithunzi cha pa kalendala. Alongo anga ankasewera chikulunga cha mapepala a shuga ndi luzi, chikaphwasuka masewero aima kaye mpaka amange china.

Bwandilo_Boy
Chikulunga chomangidwa bwino chimaposa mipira ina ya m'sitolo ya masiku anoyi, imaphulika sabata isanathe.

Kamdothi
Abale, tibwerere kumwamba. Za dishi yanga sizinayankhidwe.

Mphunzitsi_Wopuma
Zoona bambo, ndipo apa ndi pamene nkhani imakoma. Lamulo lake ndi ili: chinthu chikakhala patali ndi dziko, chimayenda pang'onopang'ono ndipo njira yake ndi yaitali, choncho chimachedwa kumaliza ulendo. Pa makilomita 400, mphindi 90. Telstar, maola awiri ndi theka n'kanthu. Mwezi, masiku 27. Ndiye pakati pamenepa payenera kukhala malo amene ulendo umatenga tsiku limodzi ndendende. Malowo ali pa makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta. Setilaiti ikaikidwa pamenepo, n'kumalowera kum'mawa monga dziko limachitira, imazungulira limodzi ndi ife. Ikuthamanga makilomita 3 pa sekondi, koma kwa inu muli pakhomo panu ili malo amodzimodzi m'mawa, masana ndi usiku. N'chifukwa chake wokuikirani dishi anangoloza kamodzi n'kumanga mabawuti.

Tulukani panja muyang'ane madishi a m'dera lanu. Simupeza yoloza kumwera. Ife tili kumwera kwa ikweta, ndiye masetilaiti onse oterewa ali chakumpoto kwathu, ena chakum'mawa ena chakumadzulo. A Mlalang'amba ku England aona zosiyana, kumeneko madishi amaloza chakumwera.

Maganizo amenewa anawalemba Arthur C. Clarke mu 1945, roketi yofika kumeneko isanapangidwe n'komwe. Anaonetsa kuti masetilaiti atatu okha pa mtunda umenewo akhoza kufikira pafupifupi dziko lonse.

Mlalang'amba
Ndatuluka kukayang'ana, aphunzitsi. Msewu wonse uno madishi aloza kumwera chakum'mawa. Zaka zonsezi sindinazindikire.

Chitedze
Ngati zinadziwika mu 1945, anthu a Telstar anaiikiranji pansi? Kunali kuwononga ndalama kumeneko.

Nthanda
Sindikuvomereza. Mu 1962 kufikitsa katundu pa makilomita 36,000 n'kumuimika bwinobwino kunali kusanachitikepo. Atayesa koyamba ndi setilaiti ya Syncom 1 mu February 1963, inasowa osamvekanso. Komanso akatswiri a Bell, motsogozedwa ndi John Pierce, ankaopa kuchedwa kwa mawu pa foni. Cholinga chawo chinali kuponya masetilaiti makumi angapo apansi, kuti ina ikamalowa ina izituluka. Telstar inali yoyesera, ndipo inasonyeza kuti zimatheka. Pa 23 July 1962 anthu mamiliyoni ku Ulaya ndi ku America anaonera pulogalamu imodzi nthawi imodzi. Anayamba ndi kachigawo ka masewero a baseball ku Chicago podikira Pulezidenti Kennedy, kenako msonkhano wake ndi atolankhani. Kale filimu ya nkhani inkachita kukwera ndege kuti iwoloke nyanja.

Chitedze
Komabe njira yawoyo inagonja. Amene anapambana ndi a pamwamba.

Nthanda
Inagonja nthawi imeneyo, inde. Syncom 3 inaonetsa Olympics ya ku Tokyo mu 1964, Early Bird inayamba malonda mu 1965 ndi mizere ya foni 240, ndipo kuyambira pamenepo aliyense anathamangira pamwamba. Koma taonani Starlink imene yafika kuno mu 2023. Masetilaiti ake ali pansi, pa makilomita mazana angapo okha, alipo masauzande, ina ikamalowa ina ikutuluka. Si maganizo a Pierce omwe aja?

WaKuChipata
Kuchedwa kwa mawu kumene mukunenako ine ndinakuona ndi maso. Kuno ku Zambia tili ndi siteshoni ya Mwembeshi, kumadzulo kwa Lusaka, imene inatsegulidwa mu 1974, ndipo mafoni akunja ankadzera kumeneko. Mkulu wanga ali ku sukulu kunja ankaimba kamodzi pa mwezi. Amayi ankati "Muli bwanji?", kuli zii, ndiye n'kubwerezanso, nthawi yomweyo yankho likufika, mawu n'kuwombana. Ankakwiya kuti mwanayu wayamba mwano, akudula akulu pakamwa. Tinachita kuwafotokozera kuti akayankhula aziwerenga mumtima "wani, thu" asanayambenso.

Wamawaya_Ndirande
Masamu ake ndi osavuta. Kukwera ndi kutsika ndi makilomita 72,000, mafunde amayenda makilomita 300,000 pa sekondi, ndiye kotala ya sekondi yapita. Yankho pobwera kotala inanso. Theka la sekondi pa kucheza ndi lalitali.

Gogo_Wailesi
Nanga Africa analipo pa zoyambirirazi, kapena tinangomva kwa eni ake?

Mlalang'amba
Analipo, agogo. Mu August 1963 Kennedy anayankhula pa foni ndi nduna yaikulu ya Nigeria, Abubakar Tafawa Balewa, kudzera pa Syncom 2. Siteshoni ya mbali ino inali pa sitima yapamadzi ya America yotchedwa Kingsport, imene inakocheza pa doko la Lagos. Kanali koyamba atsogoleri a mayiko awiri kuyankhulana kudzera pa setilaiti.

NtchembereYaKuDedza
Ine funso langa ndi lina. Chinaipha n'chiyani msanga chotero? Miyezi 7 yokha?

Mphunzitsi_Wopuma
Mayi, limeneli ndi gawo limene limandipweteka mtima. Pa 9 July 1962, kutatsala tsiku limodzi kuti Telstar inyamuke, asilikali a America anaphulitsa bomba la nyukiliya m'mlengalenga, makilomita 400 pamwamba pa Johnston Atoll m'nyanja ya Pacific. Kuyesako ankakutcha Starfish Prime. Kunali kwamphamvu moti magetsi ena a mumsewu anazima ku Hawaii, mtunda wa makilomita oposa 1,000. Cheza choopsa cha bombalo sichinabalalike, chinakodwa mu mphamvu ya maginito ya dziko, m'malamba a cheza ozungulira dziko otchedwa Van Allen. Njira ya Telstar, yokwera ndi kutsika ija, inkadutsa m'menemo ka 9 tsiku lililonse. Mu October a Soviet Union nawonso anaphulitsa awo m'mwamba. Ma transistor, tizipangizo tating'ono ta magetsi, a gawo la Telstar lolandira malamulo anayamba kuwonongeka, ndipo mu November inasiya kumva. Akatswiri anavutika nayo ali pansi pano mpaka anaidzutsa kumayambiriro kwa January 1963, koma pa 21 February inazimiratu.

Dziko limodzi lomwelo, dzanja lina likumanga chida cholumikiza anthu, dzanja lina likuthira poizoni pa njira imene chidacho chidutse. Anthu amene anamata timasola 3,600 tija ndimawamvera chisoni.

Bwandilo_Boy
Ndiye sankadziwa kuti ziwononga?

Nthanda
Kuchuluka kwa chezacho kunaposa zimene ankayembekezera, ndipo si Telstar yokha, masetilaiti ena angapo anawonongeka nawo. Telstar inali ndi zida zoyezera cheza, ndiye pamene inkafa inkatumizanso miyezo ya chimene chinkaipha. Telstar 2, ya mu May 1963, anaiponya pa njira yokwera kwambiri kuti isamakhalitse m'dera loopsalo. Chaka chomwecho America, Britain ndi Soviet Union anasainirana pangano loletsa kuyesa mabomba a nyukiliya mumpweya, m'mlengalenga ndi pansi pa madzi.

Kamdothi
Dzulo madzulo ndinakhala pansi ndi mwana uja. Tinatenga lalanje kukhala dziko, iye n'kumayendetsa njere ya chimanga mozungulira, ine ndikutembenuza lalanjelo pang'onopang'ono. Tinabaya timitengo tiwiri ta machesi, kena Andover kena Goonhilly, ndipo anaona yekha kuti njere ikakhala pafupi timitengo tonse tiwiri sitiiona nthawi yaitali, koma akaitalikitsa n'kumayenda mofanana ndi lalanje, siichoka pamaso. Kenako anandifunsa limene ndalephera: kodi Telstar imadutsa pamwamba pa Malawi?

Nthanda
Imadutsa, bambo. Njira yake inapendekeka madigiri pafupifupi 45 kuchoka pa ikweta, ndiye imayendera malo onse a pakati pa madigiri 45 kumpoto ndi 45 kumwera. Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kumwera, ali m'kati mwenimweni. Kuiona ndi maso simungathe, koma muuzeni kuti masiku ena imadutsa pamwamba pa denga lanulo.

Wamawaya_Ndirande
Ngati akufuna kuona kanthu ndi maso ake, muyambe ndi International Space Station. Pa intaneti pali masamba amene mumalemba dzina la tauni yanu n'kukuuzani tsiku, nthawi ndi mbali imene itulukire. Imaoneka dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha, yowala kuposa nyenyezi zonse, yosaphethira ngati ndege, ndipo imadutsa thambo m'mphindi 5 kapena 6. Muzimitse magetsi a panja, ndipo mutuluke nthawi isanakwane chifukwa siidikira munthu.